Lole inadutsa pa STOP osaima n'kupha amuna anga: ndidikire mlandu wa apolisi kapena ndisaine za inshuwalansi?

Funso lochokera kwa owerenga: "Amuna anga anamwalira miyezi iwiri yapitayo pa mphambano ya misewu. Lole ya kampani ina inangodutsa pa chikwangwani cha STOP osaima n'kuwomba galimoto yawo cham'mbali. Dalaivala anagwidwa koma pano ali pa belo, mlandu akungousunthasuntha masiku. A inshuwalansi a kampaniyo andiimbira kawiri kuti ndikasaine mapepala andipatse ndalama. Achibale akuti ndidikire kaye mlandu uthe. Ndatsala ndi ana atatu. Ndichite chiyani?"

Pepani kwambiri mayi, pepani ndithu, inu ndi ana omwe. Ndiyambe ndi yankho lenilenilo kenako ndifotokoze bwino: musasaine kanthu panopa, komanso musadikire kuti mlandu wa apolisi uthe. Achibale anuwo akukufunirani zabwino, koma kudikirako ndi kumene kumaluzitsa mabanja ambiri, chifukwa pomwe inu mukudikira umboni ukufufutika, ndipo masiku amene lamulo limakupatsani kuti musume anayamba kale kuwerengedwa. Malamulo ake amasiyana dziko ndi dziko, nde ndizitchula zitsanzo za maiko angapo kuti muone mmene zimayendera, koma mutu wake ndi umodzimodzi pafupifupi kulikonse.

Chinthu chomwe mabanja ambiri sauzidwa n'choti pa ngozi imodzi ngati iyi pamatuluka milandu iwiri. Uwo uli kukhotiwo si wanu ayi, ndi wa boma. Boma ndi limene likumuzenga dalaivala chifukwa chophwanya lamulo la pamsewu n'kuphetsa munthu, ndipo mathero ake ndi ndende, chindapusa kapena kumulanda laisensi. Inu pamenepo mumakhala mboni kapena omvera chabe, simungaufulumizitse, simungauimitse, ndipo olo dalaivala atalowa zaka 10, ndende yakeyo siilipira fizi ya mwana ngakhale mmodzi. Wachiwiri ndiye wanu weniweni, mlandu wofuna chipukuta misozi, umene banja limasumira amene analakwitsa. Umenewu suyamba wokha. Apolisi sakuyambitsirani, woweruza sakukumbutsani, mukapanda kuuyambitsa inu ndiye kuti kulibe.

Umboni wofunika pa milandu iwiriyi ndi wosiyananso kulemera kwake. Kuti munthu amangidwe, boma limayenera kutsimikizira khoti mosasiya mpata wokayikira, ndipo n'chifukwa chake nthawi zina dalaivala amene aliyense akudziwa kuti sanaime amatha kumasulidwa, mwina mboni yaikulu yasamuka, mwina wapolisi analemba molakwika. Pa mlandu wa chipukuta misozi inu mumangofunika kuonetsa kuti nkhani yanu ndi imene ikuoneka yoona kuposa ya mbali inayo. Choncho dalaivala akamasulidwa musataye mtima n'kuganiza kuti zonse zathera pomwepo, mlandu wanu umatha kupambanabe. Akapezeka wolakwa kapena akavomera yekha, zimakuthandizani. Ku England kale chigamulo cha mlandu wa boma sichinkaloledwa kukhala umboni pa mlandu wa chipukuta misozi, khoti linagamula choncho mu 1943 pa mlandu wa Hollington v Hewthorn womwe unali wa ngozi ya galimoto, koma lamulo la Civil Evidence Act la 1968 linasintha zimenezo. Nde chigamulocho chikadzabwera loya wanu adzachigwiritsa ntchito, ndipo nthawi zina khoti limaimitsa kaye mlandu wanu kuti wa boma uthe, palibe vuto, bola wanuwo ukhale utalowa kale m'kaundula nthawi isanathe.

Ufulu woti banja lisume munthu wawo akaphedwa sunakhalepo kuyambira kale. Mu 1808 pa mlandu wa Baker v Bolton, woweruza Lord Ellenborough anagamula kuti imfa ya munthu si chinthu chodandaulira pa mlandu wofuna chipukuta misozi, moti wovulaza munthu ankalipira koma womupheratu ankapita osalipira banja lake kanthu. Ngozi za sitima zapamtunda zitachuluka, nyumba ya malamulo ya ku Britain inakhazikitsa Fatal Accidents Act mu 1846, New York inatsatira mu 1847, ndipo malamulo a maiko ambiri pa nkhaniyi anachokera pamenepo. Ndikutchula izi chifukwa ufuluwu unabwera ndi lamulo lolembedwa, nde umayenda ndendende mmene lamulolo lanenera: ndani angasume, m'malo mwa ndani, pa zinthu ziti, pasanathe nthawi yaitali bwanji. Khoti silimva zoti munali pa chisoni ngati tsiku ladutsa.

Tikambe za umboni, chifukwa apa ndi pamene ndikudera nkhawa kwambiri pa miyezi iwiri yomwe yapita kale. Anthu amaganiza kuti nkhani ya STOP ndi yosavuta, sanaime basi. Zoona lamulo lake ndi lomveka, chikwangwani chofiira cha mbali 8 chija, chomwe chilinso mu pangano la ku Vienna la 1968 la zikwangwani za pamsewu, sichitanthauza kuchepetsa liwiro kapena kusuzumira, chimatanthauza kuimiratu mateyala osazungulira, pa mzere woyera, kenako n'kudikira kuti msewu waukulu ukhale wopanda kanthu. Ndipo m'maiko ambiri kuphwanya lamulo lotetezera anthu ngati limeneli kumatengedwa ngati umboni wamphamvu woti munthu sanasamale. Koma dalaivala sadzanena kuti sindinaime. Adzanena kuti ndinaima, ndinayang'ana mbali zonse, galimoto inayo ndi imene inabwera mothamanga. Ndipo munthu mmodzi amene akanamutsutsa ndi amene munaika m'manda. Ndiye chimene chimalankhula m'malo mwa bambo ndi zinthu zimene zinatsala pamalopo komanso m'magalimoto awiriwo.

Pa msewu pamatsala mikwingwirima ya mateyala, malo amene chitsulo chinakanda phula, magalasi osweka ndi mafuta otayika, ndipo katswiri wofufuza ngozi amatha kuona pomwe magalimoto anawombanirana, mbali yomwe anakankhidwira ndi mtunda womwe anatsetsereka. Lole yomwe inaimadi pa mzere n'kunyamuka imakhala ikuyenda pang'onopang'ono ikamafika pakati pa mphambano, siingakankhe galimoto mtunda wautali kapena kulowetsa chitseko mpaka pakati pa mpando, nde kuphwanyika kwa galimoto ya bambo pakokha kumanena liwiro la loleyo. N'chifukwa chake chonde musalole kuti galimotoyo igulitsidwe ngati zitsulo kapena ikonzedwe katswiri asanaione, ngakhale kuiona kukukupwetekani mtima. Magalimoto ambiri a masiku ano ali ndi kachipangizo kamene kamasunga zomwe zinachitika masekondi pafupifupi 5 ngozi isanachitike, liwiro, ngati munthu anaponda mabuleki, ngati anamanga lamba. Ku European Union kachipangizoka ndi kokakamiza pa magalimoto atsopano onse ang'onoang'ono kuyambira July 2024. Malole aakulu nawo kompyuta ya injini imasunga zina, ena ali ndi GPS ndi makamera a kampani, koma lole ikabwerera pa ntchito zinthu zina zimafufutika zatsopano zikamalowa. Makamera a nyumba kapena mabizinesi oyandikana ndi mphambano nawonso ambiri amadzifufuta okha pakapita masiku kapena masabata ochepa.

Ndiye chinthu choyamba chomwe loya wodziwa ntchito amachita, asanakambe n'komwe za ndalama, ndi kulembera kalata kampani ya loleyo ndi a inshuwalansi awo yowauza kuti asunge zonse: loleyo, zomwe zili mu kompyuta yake, mabuku a maola amene dalaivala anayendetsa, mapepala a sevisi, fayilo ya dalaivala ya ku ntchito, ndi zokhudza foni yake pa nthawi ya ngozi. Kalatayi ikafika kenako iwo n'kutaya zinthuzo, khoti limatha kuganiza kuti anataya chifukwa zinali zowatsutsa. Ikapanda kufika, zina amatha kuzitaya n'kunena kuti nthawi yomwe lamulo limafuna kuti azisunge inatha. Ku United States mwachitsanzo kampani ya malole imangoyenera kusunga malekodi a maola a dalaivala miyezi 6 yokha. Lamulo la kumeneko limanenanso kuti pa ngozi yomwe munthu wafa, dalaivala wa lole ayezedwe mowa pasanathe maola 8 ndi mankhwala ozunguza bongo pasanathe maola 32, nde loya amafunsa ngati anayezedwa, ngati ayi, chifukwa chiyani. Inu panokha mungathe kutuma wachibale akajambule zithunzi za mphambanoyo kuchokera mbali yomwe lole inachokera, pa ola lomwelo lomwe ngozi inachitika, aone ngati chikwangwani chikuoneka, ngati mzere unafufutika, ngati pali mitengo kapena udzu wotchinga. Alembenso maina ndi manambala a anthu amene anaona, chifukwa apolisi nthawi zambiri amangolemba awiri atatu amene anawapeza pamalopo.

Mwanena kuti loleyo ndi ya kampani, ndipo mfundo imeneyi ndi yaikulu kuposa mmene mukuganizira. Dalaivala payekha kawirikawiri alibe chuma choti n'kulipira banja la ana atatu. Koma lamulo m'maiko ambiri limati wolemba ntchito amasenza kulakwa kwa wantchito wake ngati anali pa ntchito nthawi imeneyo, olo bwanayo anali kutali. Pamwamba pa apo kampani imatha kukhala ndi kulakwa kwakekwake, kulemba munthu wosaphunzira bwino, kumuthamangitsa kuti katundu afike msanga mpaka osagona, kapena kutulutsa lole ya mabuleki ofooka. Pa 6 April 2018 ku Saskatchewan m'dziko la Canada lole inadutsa pa STOP osaima n'kuwombana ndi basi ya timu ya anyamata a hockey ya Humboldt Broncos, anthu 16 anafa, 13 anavulala. Dalaivala anavomera mlandu n'kulamulidwa zaka 8 mu 2019, koma kufufuza kunaonetsanso kuti anali watsopano pa ntchitoyo, ndipo mwini kampani naye anavomera milandu yosatsatira malamulo a chitetezo cha malole. Chaka chomwecho cha 2018, pa 6 October, ku Schoharie m'chigawo cha New York, galimoto yaitali yonyamula anthu inatsika chitunda n'kudutsa pa STOP osaima, anthu 20 anafa kuphatikizapo dalaivala. Apa vuto linali mabuleki, galimotoyo inali italephera kale poyezedwa, ndipo mu 2023 amene ankayendetsa kampaniyo anapezeka wolakwa pa imfazo n'kulamulidwa zaka zapakati pa 5 ndi 15. Mukuona kuti lipoti loti sanaime pa STOP ndi chiyambi chabe cha funso, funso lenileni ndi loti n'chifukwa chiyani sanaime, ndipo yankho lake ndi limene limaonetsa amene ayenera kulipira.

Nthawi zina eni msewu nawo amakhudzidwa, ngati chikwangwani chinagwa kalekale osachidzutsa, kapena chinabisika ndi mitengo anthu atadandaula kale. Kusumira boma kapena khonsolo ndi kovutirapo ndipo nthawi yake imakhala yaifupi kwambiri. Ku California muyenera kupereka dandaulo lanu ku nthambi ya boma pasanathe miyezi 6, ku New York chidziwitso chake chimafunika pasanathe masiku 90. Sindikunena kuti muwasumire, ndikunena kuti loya aone msanga ngati njira imeneyo ilipo isanatsekeke.

Konzekeraninso kumva zopweteka, chifukwa mbali inayo idzayesa kuwaponyera bambo gawo la kulakwa. Adzati ankathamanga, adzati sanamange lamba, adzati akanatha kuzemba. Imeneyo ndi njira yawo yochepetsera ndalama, isakugwetseni ulesi. Galimoto yoyenda makilomita 80 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 22 pa sekondi imodzi, ndipo akatswiri ambiri amawerengera sekondi imodzi ndi theka kuti munthu aone choopsa n'kuyamba kuponda mabuleki, kutanthauza mamita oposa 30 phazi lisanagwire n'komwe ntchito. Lole ikatulukira pafupi choncho palibe chomwe munthu angachite, ndipo amene ali pa msewu waukulu ali ndi ufulu woyembekezera kuti wa pa STOP aima. Ngati pali gawo lomwe khoti lapeza kuti bambo analakwitsa, maiko ambiri amangochotsera gawo lomwelo pa ndalama, mlandu sugwa. Ku England kuyambira pa mlandu wa Froom v Butcher wa 1975, kusamanga lamba kumachotsetsa 25 peresenti ngati lambayo akanateteza kuvulala konse, kapena 15 peresenti ngati akanangochepetsa. Koma pali malo ochepa ngati zigawo za United States za Alabama, Maryland, North Carolina ndi Virginia kumene kulakwitsa pang'ono chabe kumatha kugwetsa mlandu wonse. N'chifukwa chake musamayankhe mafunso a wa inshuwalansi pa foni ngati kucheza. Funso looneka laulemu ngati loti kodi bambo anachoka mochedwa tsiku limenelo, inu n'kuyankha kuti ee anali pa changu, mawu amenewo mudzawapeza atalembedwa ngati umboni woti ankathamanga. Zolemba pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp zokhudza ngoziyi nazonso muchepetse, ndipo muwauze achibale chimodzimodzi.

Za nthawi yosumira. Ku England ndi Wales ndi zaka 3. Ku California, Texas ndi New York ndi zaka 2, ku Tennessee chaka chimodzi chokha. Ku South Africa dandaulo limapita ku Road Accident Fund, thumba lomwe ndalama zake zimachokera pa msonkho wa mafuta a galimoto, pasanathe zaka 3 ngati dalaivala kapena mwini galimoto akudziwika, ndipo kuyambira 2008 kumeneko nthawi zambiri simusumira dalaivala mwiniwakeyo. Ku New Zealand kuyambira 1974 chipukuta misozi cha ngozi chimachokera ku bungwe la boma loona za ngozi lotchedwa ACC mosayang'ana amene analakwa. Zaka ziwiri zitatu zimamveka zambiri, koma mlandu wa boma umene ukungosunthidwa ngati wanuwu umatha kudya nthawi yonseyo, ndipo kukambirana ndi a inshuwalansi sikuimitsa masikuwo, amatha kumakuyankhani mwaulemu mwezi ndi mwezi mpaka tsiku lidutse. Funso loyamba kwa loya likhale loti tsiku lomaliza kusuma ndi liti, ndipo akulembereni pa pepala.

Tsopano mapepala omwe akukuitanirani kukasainawo. Munthu amene akukuimbirayo mwina ndi waulemu ndithu, mwina akumva nanu chisoni zenizeni, koma amalipidwa ndi kampani yomwe ikuyenera kutulutsa ndalamazo, si wa mbali yanu. Ndalama yoperekedwa msanga chonchi, pomwe sanafunse n'komwe kuti bambo ankalandira zingati kapena ana ali ndi zaka zingati, imabwera ndi pepala lonena kuti mwalandira zonse ndipo simudzafunanso kanthu kwa dalaivala, kampani kapena wina aliyense. Mukasaina pamenepo chitseko chatsekeka, olo mawa zidziwike kuti mabuleki anali akufa ndipo kampani inkadziwa. Ndikudziwa kuti pakhomo pakufunika ndalama lero osati chaka chamawa, ndipo iwo akudziwanso zimenezo. Njira yake ndi yoti loya awapemphe ndalama yoyambira, yongothandiza pa zamaliro ndi zofunika panopa, yomwe idzachotsedwe pa ndalama yomaliza, popanda kutseka mlandu. Auzeni akutumizireni mapepalawo kuti muwawerenge muli phee kunyumba. Akakana kuti pepala lituluke mu ofesi yawo musanasaine, dziwani kuti muli zomwe sakufuna kuti loya aone.

Nanga chipukuta misozicho chimawerengedwa bwanji? Palibe ndalama yomwe ingabweze munthu, ndipo makhoti nawo sanamizira kuti akugula moyo. Gawo lalikulu ndi thandizo lomwe inu ndi ana mwataya. Amatenga zomwe bambo ankapeza pa chaka, n'kuchotsa zomwe akanagwiritsa ntchito pa iwo eni, n'kuchulukitsa ndi zaka zomwe akanapitiriza kukusamalirani, poganiziranso kuti ndalamayo mukuilandira pakamodzi. Makhoti a ku England amakonda kutenga 75 peresenti ya ndalama za banja pomwe pali ana, ndi magawo awiri mwa atatu pomwe ana palibe. Amawerengeranso ntchito zomwe munthu ankagwira pakhomo osalipidwa, kuperekeza ana kusukulu, kukonza zowonongeka, kusamalira makolo okalamba, ndipo mabanja ambiri amaiwala kutchula zimenezi. Palinso ndalama zamaliro ndi zachipatala, galimoto yomwe inawonongeka, komanso ngati bambo anakhalako ndi moyo maola kapena masiku atavulala, ululu umene anamvawo umakhala dandaulo lina lomwe limalowa mu chuma cha masiye. Za chisoni chenichenicho maiko amasiyana kwambiri, ku England ndi Wales ndi ndalama yoikika, mapaundi 15,120 pa imfa zochitika kuyambira May 2020, pomwe zigawo zambiri za United States zimalola khoti kuyeza lokha kutaya mnzako wa pabanja ndi ana kutaya bambo. Nde yambani kusonkhanitsa mapepala a malipiro, a ku banki, a msonkho, malisiti a fizi ndi a maliro, satifiketi ya imfa ndi ya ukwati, za kubadwa kwa ana, ndi lipoti la madokotala amene anapima thupi. Ngati bambo ankachita bizinesi yawoyawo yopanda mapepala ambiri, kabuku kolembamo zogulitsa, mameseji a ndalama a pa foni ndi makasitomala amene angachitire umboni zimathandiza.

Ndalama yomwe ingapezeke imadaliranso kukula kwa inshuwalansi ya mbali inayo. Ku United States lole yonyamula katundu wamba pakati pa zigawo imayenera kukhala ndi inshuwalansi yosachepera madola 750,000, pomwe galimoto ya munthu wamba imatha kukhala ndi yochepa kwambiri. Choncho fufuzaninso mbali yanu. Inshuwalansi ya galimoto ya bambo mwina ili ndi gawo lolipira ngati wolakwayo alibe inshuwalansi kapena yake ndi yosakwanira, mwina anali ndi inshuwalansi ya moyo, penshoni, kapena ngongole ya ku banki yomwe imafafanizika munthu akamwalira. Ngati anali pa ulendo wa ntchito, palinso chipukuta misozi cha ogwira ntchito. Maiko ena ali ndi thumba lolipira anthu ogundidwa ndi magalimoto opanda inshuwalansi kapena othawa, ngati Motor Insurers' Bureau ya ku Britain yomwe inayamba mu 1946.

Pali nkhani ina yomwe imagawanitsa mabanja, yoti ndani asume ndipo ndalama ndi ya ndani. M'maiko ambiri mlandu umakhala umodzi wokha m'malo mwa onse amene ankadalira malemu, ndipo amausuma ndi woyang'anira chuma cha masiye kapena mkazi kapena mwamuna wotsalayo. Nde ngati pali makolo a bambo amene ankathandizidwa mwezi ndi mwezi, kapena mwana wina wa kunja kwa banja lanu, loya amve zimenezo pachiyambi pomwe, kubisa kumangodzachedwetsa zinthu kapena kugwetsa mgwirizano pamapeto. Gawo la ana aang'ono nthawi zambiri limayenera kuvomerezedwa ndi khoti ndipo limasungidwa m'dzina lawo. Lamulo limeneli ndimaligwirizana nalo ndi mtima wonse, chifukwa limateteza anawo kwa a inshuwalansi, komanso limakutetezani inu kwa wachibale amene angabwere n'kunena kuti ndalama ndisunge ndine. Musapereke mphamvu kwa munthu wina kuti akasaine m'malo mwanu musanamvetse zomwe pepalalo likumulola kuchita.

Posankha loya, funsani ngati anagwirapo milandu ya imfa za pamsewu yokhudza malole, ngati ali ndi katswiri wofufuza ngozi amene amagwira naye ntchito, ndiponso ngati amafika nayo kukhoti milandu kapena amangogwirizana pa ndalama iliyonse yomwe yaperekedwa. Ambiri pa milandu yotere salipiritsa poyamba, amatenga gawo mukapambana. Ku United States gawolo limakonda kukhala limodzi mwa magawo atatu mpaka 40 peresenti, ku South Africa lamulo la 1997 silimulola kupitirira 25 peresenti. Mgwirizanowo ukhale wolembedwa, unene ngati ndalama za akatswiri ndi za khoti zikuchotsedwa gawo lake lisanawerengedwe kapena pambuyo, komanso amene adzalipire mukaluza, chifukwa m'maiko ena woluza amalipira ndalama za mbali inayo. Chenjerani ndi anthu amene amangotulukira pakhomo kapena pa foni n'kumati ndife othandiza za ngozi, asanakuonetseni kuti ndi maloya ovomerezeka. Ngati ndalama ya loya palibiretu, maofesi othandiza anthu pa milandu mwaulere ndi mabungwe a maloya amatha kukulozerani kolowera. Milandu yambiri yotere imathera pa kugwirizana osafika pa chigamulo, ndipo palibe cholakwika ndi kugwirizana, bola muzigwirizana mutadziwa zomwe zinachitika pa mphambano paja ndi zomwe ana adzafune mpaka atakula.

Mlandu wa bomawo musausiye ngakhale si wanu. Pezani dzina la wapolisi wofufuza ndi la woimira boma, nambala ya fayilo, ndipo pemphani kuti azikudziwitsani masiku a khoti, inu kapena wachibale azikhalapo n'kulemba zomwe dalaivala ndi mboni akunena, chifukwa mawu olumbirira amenewo adzagwira ntchito pa mlandu wanu. Maiko ambiri amalola banja kulemba kapena kulankhula pamaso pa woweruza chilango chisanaperekedwe, kufotokoza mmene imfayi yasinthira moyo wa pakhomo, ndipo khoti lina limatha kulamula wolakwa kubweza ndalama zina ngati zamaliro, ngakhale zimakhala zochepa poyerekeza ndi za mlandu wanu. Wina wa mbali ya dalaivala akabwera kudzapepesa ndi ndalama m'manja kuti mukanene kupolisi kuti mwakhululuka, kukhululuka ndi nkhani ya mumtima mwanu ndipo palibe angakuletseni, koma ndalamayo musalandire ndipo musalembe kalata iliyonse loya asanaione.

A inshuwalansi akaimbanso, auzeni mwaulemu kuti zonse azilemba m'kalata ndipo loya wanu ndi amene aziwayankha, mutenge dzina la woimbayo ndi nambala ya fayilo yawo. Sabata ino yomwe funsani komwe kuli galimoto ya bambo ndi komwe kuli loleyo, muuze osunga galimoto yanu kuti isakhudzidwe, ndipo muonane ndi loya kuti kalata yosungitsa umboni ija ituluke mwezi wachitatu usanathe.